Mutu Womaliza wa Buku la Bambo

Wuhan, 9 Novembala 2016

Okondedwa achemwali Wenjuan,

Muli bwanji kumeneko ku Oslo? Nanga alamu, msana uja unasiya? Kuno tili bwino, mayi akungodandaula mawondo. Maso a bambo ndiye apitiratu, akungoona mbuu. Kalatayi pamodzi ndi phukusi ndapatsira mnzanga amene akubwera kumeneko, chifukwa nkhani yake si ya pafoni.

Buku la bambo latuluka. Musafulumire kusangalala.

Mukudziwa kuti analilemba zaka makumi atatu: mbiri ya anthu a kwathu kuno amene ankati boma likhale ndi malire, munthu azilankhula osayang'ana kumbuyo. Anayambira masiku otsiriza a mafumu, nadutsa pa ophunzira a mu 1919, mpaka aphunzitsi a bambowo amene anakafera kumunda wa chibalo mu 1957. Analipereka kwa ine poti ndimagwira kosindikiza mabuku. Anati mwana wawo sangawasinthire ngakhale kadontho.

Abwana anga, Mayi Luo, ataliwerenga ananditsekera chitseko. Anati za 1957 zichoke, ndipo mapeto anene kuti maganizo amenewa ndi mbewu yachilendo yosamera pa nthaka yathu. Ndinayesa kukana. Iwo anangoseka, amvekere, "Iwe Shiming, mwana wako akulemba mayeso a boma chaka chino. Nkhalamba yosaona ikadziwa bwanji?"

Achemwali, palibe anandigwira dzanja. Mutu wa 1957 ndinauchotsa ndekha. Mapeto atsopano ndinalemba ndekha, motsanzira kalembedwe ka bambo.

Lamlungu lina mwezi watha bambo anaitana anzawo asanu kunyumba ya tiyi ya m'mbali mwa nyanja ija. Anavala jekete lawo lotuwa, mayi atalisita kawiri. Aliyense anamupatsa buku. Kenaka anandiuza kuti ndiwerenge tsamba lomaliza anthu amve.

Ndinatsegula buku, koma ndinayamba kunena mawu enieni a bambo kuchokera m'mutu, maso ali pa pepala. Ndinafika mizere inayi. A Dou, aja ankaphunzitsa limodzi ndi bambo, ankatsatira ndi chala. Anavula magalasi nkundifunsa kuti kodi mwana iwe ukuwerenga buku liti, poti langa likunena zina.

Bambo anawapempha a Dou kuti awerenge zawozo. Anawerenga mpaka kumapeto. Tiyi anazizira m'makapu.

Ndinkadikira mbama. Bambo anangogwedeza mutu, nati, "Ziganizo zake nzosalala ndithu. Kulemba ndinakuphunzitsa bwino." Anafunsanso ngati dzina la aphunzitsi awo latsala penapake m'bukumo. Ndinati ayi. Anapempha ndodo yawo.

Mpaka lero sanandikalipire. Ndikapita kukawaona amandifunsa ngati ndadya. Koma mnzawo akabwera kudzatenga buku, amandiitana, amvekere, "Shiming, tandisonyeza pamene pathera mawu anga." Ndimaika chala chawo pa tsamba 311, iwo nkung'amba zotsalazo, pang'onopang'ono, ine nditagwira chikuto. Tang'amba kale mabuku asanu ndi anayi.

Pempho langa nali. M'phukusili muli zolemba zawo zonse, monga anazilembera. Funani osindikiza kumeneko. Kutsogolo kwake mulembe kuti buku la ku Wuhan analidula ndi mwana wawo, Kuang Shiming. Musandibise. Ndikudziwa kuti ntchito yanga ithera pomwepo. Mkazi wanga ndamuuza. Analira, kenaka anandithandiza kumanga phukusi. Za mwana wathu ndikuopabe, sindinama.

Bambo sindinawauze. Ndikufuna tsiku lina ndidzawawerengere tsamba lomaliza a Dou akutsatira ndi chala.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Muzivala zofunda, kuzizira kwa kumeneko timakumva. Mukhale ndi moyo wautali, ndipo ngati mungathe, muziyankhabe ndikakuitanani kuti achemwali.

Ndine mlongo wanu,
Shiming