Mira Yathu ndi Ulemu wa Tikhala

Lolemba, 6 Januwale 2025

Seva ya ku Lilongwe yagwanso. Khodi yonse ya pulogalamu yathu ya asodzi imasungidwa kumeneko, ndiye ofesi yonse kuno ku Mangochi manja lende. A ku likulu akuti “tikuziona.” Maso ali nawo abwino anthu amenewa.

Lachitatu, 8 Januwale

Yadzuka. Ndisanamwe n'tiyi yemwe, ndakhazikitsa mira pa kompyuta yakale ya m'kachipinda ka kuseri. Ndafotokozera anzanga mofatsa: mira imakopera zonse za ku seva yaikulu, kuti ikagwa tizitenga khodi pompano. Kutenga kokha. Kuikamo ayi. Onse anagwedeza mitu. Kugwedeza mutu sikupweteka khosi.

Lolemba, 13 Januwale

Yagwanso, akuti mphezi. Ntchito sinaime. Mira yatisunga! Wondithokoza ndikumudikirabe.

A Atumani, mkulu wathu amene anaphunzitsa theka la ofesi ino, anayesa kuika mu mira gawo lawo la Chiyao. Inakana. “Kompyuta yanuyi, a Lusiya, sidziwa akulu.” Ndinakoka mpando n'kuyambiranso: seva ikadzuka, mira imadzifananiza nayo yokha, chilichonse chimene ku Lilongwe kulibe imafufuta. Sungani pa laputopu kaye, bambo. Anati amva. Tikhala, mnzanga amene ndinamupatsa pasiwedi ya mira, anayang'ana pansi ngati mkamwini.

Lachitatu, 15 Januwale

Mvula yamphamvu. A Atumani inawapeza ali pa kabaza, laputopu m'chikwama cha nsalu. Yafa, wokonza wakana. Mtima wanga unagwa. Miyezi yonse ija akukhala pansi ndi asodzi, kufunsa mawu enieni a maukonde ndi mphepo, kuti munthu wosadziwa Chingerezi azitha kulemba nsomba zake yekha. Asodziwo tinawalonjeza kuti tiwapatsa Lolemba likubwerali.

Eni ake ali phee, akudya mango. Chikhulupiriro chotere ndimachisirira.

Lachisanu, 17 Januwale, ku Malindi

Ndamaliza kuphunzitsa komiti ya pa doko. Ndili mu minibasi, ikudikira kudzaza.

Tikhala waimba, mawu odzaza chimwemwe. A ku likulu akuti seva idzuka masana ano. Ndiponso ndisadandaule, ntchito ya a Atumani ilipo, yonse ili mu mira. Iyeyo anawatsegulira mira Lolemba lija ine nditatuluka. “Ndiye ndikanawakaniza bwanji, achemwali, munthu wamkulu atandipempha kawiri?”

Zoonadi. Anamulera bwino mwanayu. Sindingathe ngakhale kumukwiyira: popanda ulemu wakewo, ntchitoyo ikanapita ndi mvula. Koma seva ikangodzuka, mira ichita ndendende zimene ndinaiphunzitsa. Muofesi monse ndi iyo yokha imene inandimvetsa.

Ndati thamanga, ukazule waya wa netiweki. Akuti ofesi njotseka, onse atuluka. Kiyi ali ndi a Atumani, a Atumani ali mu mzikiti, foni yozimitsa. Ku Lilongwe sakuyankha, ali kalikiliki kutithandiza. Tikhala waima kunja kwa mpanda wa mzikiti. Akuti sangatume munthu kukadzutsa mkulu pa swala.

Kondakitala akuti atsala anthu awiri, ndidekhe.

Sindinapempherepo zoterezi chibadwire. Ambuye, magetsi a ku Mangochi, azime. Lero lokha. Foni ikuliranso, ndi Tikhala, ndisiye kaye kulemba, ndiyankhe.