Chikho Chili M'nkhokwe

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ndine mwana wanu Agnesi. Maso anga afooka ndipo dzanja langa silinazolowere cholembera, choncho ine ndikulankhula, akulemba ndi mdzukulu wanu Esinati. Ndamuuza kuti alembe mawu onse monga ndawanenera, ngakhale amene sakuwafuna. Wavomera ndi mutu.

Kuno tilipo. Mkazi wa mwana wanga Yohane wabereka mwana wamkazi ndipo tamupatsa dzina lanu. Mphumi ndi yanu yomwe ija, ndipo akakwiya amatseka diso limodzi ngati inu. Chimanga chaka chino chinapsa ndi dzuwa chisanabereke, watigwira ndi chinangwa. Denga la nyumba yanu linagwa lokha ndi mphepo ya mwera. Sindinalole kuti anthu atengepo mitengo. Anthu othawa nkhondo ku Mozambiki akubwerabe, ndipo msasa wawo wa kumapiri kuja wakula kuposa mudzi wathu.

Koma nkhani imene yandikhazika pansi ndi ya mdzukulu wanuyu. Amayi, Esinati waleka kuimba.

Mukukumbukira mpikisano wa masewero oimba umene achinyamata a mipingo amachitira ku boma anthu akatha kukolola. Chaka chatha ana a kumsasa anabwerako ngati alendo chabe, osawerengedwa nawo. Sewero lawo linali la mayi amene anathawa nkhondo atasenza chitseko cha nyumba yake, chifukwa ankati akakafika kulikonse akamangirapo nyumba ina. Chitsekocho chinali chenicheni, chakuda ndi utsi. Ankatsogolera nyimbo ndi mtsikana wina wowonda, dzina lake Filomena. Ataimba, holo yonse inati zii. Ine ndinaiwala kuomba m'manja. Tsiku lomwelo akuluakulu a mpikisano ananena kuti chaka chino ana a kumsasa apikisane nawo ngati ena onse.

Esinati anabwera kunyumba osadya bwino. Chaka chonse wakhala akukonza sewero lake, la mkazi wamasiye amene alamu ake anamulanda munda. Nyimbo ankazipeka akutunga madzi, akupalira, akukazinga usipa. Ndikamufunsa chomwe akudzizunzira ankangoti, "Amayi, kuli Filomena."

Kutatsala masiku ochepa, kumsasa kunagwa kolera. Anatseka njira, palibe wolowa, palibe wotuluka. Ana aja sanabwere. Amene anapikisana anali a ku Chembe, a ku Monkey Bay, a pa boma pomwepo, ndi athu. Esinati anaimba atagwada pakati pa bwalo, akufukula dothi ndi manja. Munkamuuza ali wamng'ono kuti, "Usamaimbire pakhosi ngati tambala, mawu azichokera m'mimba." Anamva, Amayi. Oweruza anapatsa gulu lathu chikho, ndipo ananena kuti mwezi wa mawa lipite ku Zomba kukaimirira boma lonse la Mangochi. Ndinavina ndi miyendo yanga yotupayi mpaka chitenje kumasuka.

Tikukwera lole yobwerera, mayi wina wa ku Chembe, amene mwana wake anali wachiwiri, anatiyang'ana nati, "Vinani ndithu, anzathu. Eni chikho atsekeredwa kumsasa. Akanabwera, mukanachionera m'manja mwawo." Ndinafuna kumuyankha, koma Esinati anandigwira dzanja nati, "Asiyeni, Amayi. Sananame."

Titafika anakalowetsa chikhocho m'nkhokwe, pansi pa makaka a chinangwa, ndipo chili momwemo mpaka lero. Kutchalitchi amangotsegula pakamwa, mawu osatuluka. Anzake amabwera kudzamuitana kuti akakonzekere za ku Zomba, iye amati akumva mutu. Popanda iye gululo silipita.

Inu munali munthu wosakonda kunyengerera. Munkati, "Mwana ukamunamiza lero, mawa sakhulupirira ngakhale ukamuuza kuti nyumba ikupsa." Choncho ndinena zoona, iye akulemba yekha. Ndakhala ndikuwerengera mpikisano umenewu m'mutu mwanga ngati munthu wosankha mpunga. Filomena akanabwera ndi chitseko chija, ine ndikuganiza kuti akanapambana. Ndikanakhala woweruza, ndikanamupatsa iye, ngakhale winayo ndi wa m'mimba mwanga. Koma ndikapitiriza kuwerengera, sizithera pomwepo. A ku Monkey Bay anali ndi mnyamata wa mawu aakulu amene anapeza ntchito m'sitima mpikisano usanafike. Akanakhalapo, mwina akanagonjetsa onse awiri. Chaka chatha anapambana a pa boma, pomwe Filomena anali m'holo momwemo osawerengedwa, koma sindinamve kuti iwo anabisa chikho chawo. Ndipo inu mukanapanda kutisiya, Esinati sakanadziwa kulira kumene analira pabwalo paja. Nanga pamenepo tinene kuti chikho ndi cha yani?

Njira ya kumsasa atatsegula, ndinasenza dengu la usipa ngati ndikukasinthanitsa ndi nandolo. Ndinapita ndekha, ndipo Esinati akudziwa kuti ndinapitako, koma zimene ndinakamva akuzimva lero. Ndinafunsa mpaka anandionetsa kanyumba ka udzu kokhala ndi chitseko chakuda chija. Filomena anali pakhomo, mutu atameta. Kolera inatenga mng'ono wake, amene ankaimba ng'oma m'sewero lawo.

Ndinapepesa maliro. Kenako anandifunsa kuti, "Agogo, amene anapambana uja anaimba bwino?"

Ndinati, "Ndi mwana wanga. Anaimba bwino. Koma akuti chikho ndi chanu, ndipo ku Zomba wakana."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa. Anati, "Chikho ndichiike pati ine? Ndipo ku Zomba mukuganiza kuti akanatipatsa chilolezo chotuluka tonsefe? Ife tikanapambana, nyimbo zathu zikanathera pa boma pomwepo." Kenako anati, "Mukamuuze apite. Koma akatha sewero lake, akaimbeko nyimbo yathu ya chitseko. Ng'oma yake anaipeka ndi mng'ono wanga. Anthu a kutali akaimve kamodzi kokha."

Anandiphunzitsa pomwepo, ine nkhalamba, mzere ndi mzere, akuomba pachitseko ndi chikhatho m'malo mwa ng'oma. Mawu ake anali osasa, koma sanalumphe mzere ngakhale umodzi. Ndinabwera nayo nyimboyo njira yonse ndikuibwereza kuti isandigwe.

Ndi chifukwa chake ndakulemberani, Amayi. Ine ndikalankhula ndi mwanayu maso ndi maso, amadzuka nkukatsuka mbale zotsukatsuka kale. Koma inu sanayambe wakuchokerani mukulankhula, ndipo sangasiye kalata yanu pakati.

Tsopano ndikuimbireni nyimboyo kuti nanunso muimve.

Amayi, apa tinaima pang'ono. Ndinangoimba mizere iwiri, Esinati anaika cholembera pansi nati, "Si choncho, Amayi. Pamenepo imakwera, siitsika." Ndinati sindikumva kusiyana kwake. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaimba yekha, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, monga anaimvera chaka chatha m'holo muja, akuomba pabondo. Mkazi wa Yohane anatuluka m'nyumba mwana ali kubere, naima pakhonde. Mawu anachokera m'mimba.

Inu mukudziwa kuti chibadwire ine sindinalakwitsepo nyimbo. Esinati, lemba zimenezo.

Za ku Zomba sananene kanthu, ndipo sindimufunsa lero. Wangofunsa ngati njira ya kumsasa ili yotsegula Loweruka, chifukwa akuti pali malo ena ng'oma sakuikumbukira bwino. Chikho chikadali m'nkhokwe. Chikhale momwemo, sichidya chinangwa.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndimakusowani kwambiri pa zinthu ngati izi. Ndikulonjeza kuti Loweruka ndimuperekeza ndekha mpaka pa chitseko chija, ngakhale miyendo ikane. Tikabwerako tidzera kumanda, tidzazule udzu pamene mwagonapo, ndipo iye adzakuimbirani nyimbo ziwiri zonse, yake ndi ya chitseko.

Ndine mwana wanu,
Agnesi