Lendi Yopita Yokha

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ntcheuko. Ife kuno ku Umbilo tilipo.

Zakuno n'zogometsa, azakhali. Amuna anga, a Feston, anangouza banki kamodzi pafoni. Analemba nambala ya akaunti ya alandilodi, ndalama zake ndi tsiku. Basi, pa 1 mwezi uliwonse lendi imapita yokha, osakwera takisi, osaima pamzere. Banki siiwala, sichedwanso.

Dzulo alandilodi anandiyamikira kuti ndinakwatiwa ndi munthu wosunga nthawi. Ndinangomwetulira. Sindinawauze kuti a Feston chipitireni kuntchito ku Pinetown, lero akwanitsa masabata atatu osabwerako, ndipo foni yawo sikupezeka.

Apongozi anga musawauze kaye. Lendi ya mwezi uno yalowa bwinobwino.

Ndine mwana wanu,
Edna