Gende Analibe Batani

Okondedwa amalume Kaupa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kundiawa pamodzi ndi azakhali. Ine kuno kusukulu ya ndege ku Brisbane ndilipo, kungoti mbatata zakuno n'zamadzimadzi.

Munafunsa ngati ndayamba kuulutsa jeti. Ayi, amalume. Amatitsekera m'chibokosi chophunzirira cha miyendo yachitsulo, m'kati mwake muli ngati ndege yeniyeni. Chimagwedezeka, pagalasi n'kumaoneka dziko.

Dzana aphunzitsi athu, a Pritchard, anatiikira mapiri ndi mitambo. Ine, monga tinazolowerera pa tindege takwathu, ndinasiya kuyang'ana mageji osonyeza pamene ndege ili n'kumasuzumira pawindo kufunafuna mpata m'mitambo. Alamu inalira, kenako galasi lonse linafiira.

"Wafatu pamenepa," anatero akuseka. "Anyamata akumapiri nonse mumafera pawindo. Tiyambirenso."

Anadina batani, tinapezeka tili pabwalo, injini zikulira bwinobwino. Koma ine sindinagwire chiwongolero.

Amalume, kusuzumira kumeneko ine ndi mwana wanu Gende tinaphunzira kwa munthu mmodzi. Azakhali mpaka lero amati mtambo umene unabisa phiri tsiku lomwe Gende anafa pangozi ya ndege unachita kutumidwa, ndipo ndamva kuti anyamata akwathu akulilonderabe banja la a Dua ati ndilo linautuma. Chonde auzeni aike zikwanje pansi, chinamupha ndi kusuzumirako. Zinazo si zolemba, ndidzanena tili awiri.

Mayeso ndi Lachisanu. Musadandaule za ine, ndikagundanso phiri a Pritchard angodina batani lawo. Gende analibe batani.

Ndine muphwa wanu,
Waine