Tikukusamutsani ndi Mwana wa Pachulu

Amayi anga,

Kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano? Miyendo ija inasiya kutupa? Ine ndimadziuza kuti inasiya, chifukwa ndikaganiza kuti mukuvutikabe nayo mtima umandiwawa. Kuno tilipo, tikudzuka. Ndine Rozalina wanu, wapakamwa uja.

Ndiyambe ndi zabwino. Mdzukulu wanu Selina anachira bwinobwino, mwana wamwamuna, makutu ake a malemu bambo enieni. Akayamba kulira mungamumve muli pamsika wa ku Milange. Nandolo chaka chino wabereka, koma chimanga chinatichititsa manyazi poti mvula inadula pakati. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa tiana tiwiri, kamodzi n'kugwidwa ndi galu wa a Fransisko, ndipo ndinakawalalatira mpaka nkhuku zawo zinathawa pabwalo. Munkandiuza kuti, "Iwe Roza, ukapsa mtima uziyamba wamwa madzi." Madziwo ndinamwa, amayi, koma nditabwerako. Achimwene Alberto akadali pa njinga yawo, kunyamula matumba pamalire kuwolotsa ku Muloza. Msana ukuwavuta koma ukawauza samva.

Tsopano nayi nkhani imene yandikhazika pansi. Boma likukuza msewu wopita ku Majaua, ndipo ukudutsa pamunda panu. Kunabwera anthu ovala zisoti zachikasu n'kukhoma zikhomo zopaka utoto wofiira, kuyambira pa mitengo ya mapeyala kutsetsereka mpaka kuchulu. Manda anu ali pakati pa zikhomozo.

Anatiitana tonse kusukulu. Anati nthaka ndi ya boma, ndipo likafuna kudutsitsa chinthu chothandiza anthu onse sitingalitsekere njira. Koma anatinso ife amene talima pamenepo kuyambira makolo athu tili ndi ufulu wathu ngakhale tilibe pepala: ayenera kutifunsa, kutilipira nyumba, mitengo ndi mbewu zili m'munda, kutipatsa malo ena olima, komanso kusamutsa manda mwaulemu ndi chuma chawo. Ine ndinaimirira n'kufunsa ngati malo enawo abwera ndi mapeyala ake obereka kale. Anthu anaseka, ine sindinaseke. Msewuwo sindikuukana ayi. Sindinaiwale mmene tinakukankhirani pa njinga m'matope kupita nanu kuchipatala. Koma kuwawa kokha kukuwawa ndithu.

Kenako anafunsa banja lililonse kuti pamalo pawo pali manda angati. Kwathu anayankha amalume Zuze monga mwini mbumba. Anati, "Amodzi, a achemwali anga." Achimwene anavomereza ndi mutu. Koma ine ndikudziwa kuti mandawo ndi awiri.

Amalume sananame, musawakwiyire. Amadziwa kuti mimba yanu yoyamba sinayende bwino, koma malo sawadziwa, ndipo kwa iwo amenewo si manda. Inu munandiuza ine ndekha, tsiku lija tinkapalira chinangwa ndili ndi pakati pa Selina. Munaimika khasu n'kuloza kuseri kwa chulu, munati, "Apo sitilima. Pagona mwana wanga woyamba, anabadwa osalira." Munandilongosolera kuti mwana wamtayo amakaika akazi okhaokha, popanda maliro, popanda mtanda, ndipo amuna sauzidwa malo. N'chifukwa chake munakana manda a kutchalitchi n'kunena kuti tidzakuikeni m'munda mwanu moyang'anana ndi chulu. Anthu ankangoti ndi liuma lanu lija.

Pamsonkhanopo ndinalephera, amayi. Ine wolalatira anthu chifukwa cha kambuzi ndinangoti duu! Ndikanayambira pati pamaso pa amuna onse aja? Koma pobwerera kunyumba ndinayamba kuziona m'mutu mwanga: inu takutengani, chimakina chagumula chulu, mwana watsala yekha pansi pa phula, malole akudutsa pamwamba pake. Ndinakhala pansi m'mbali mwa njira n'kulira ngati maliro anu achitika dzulo.

Kutacha ndinapita kwa amayi aang'ono Julieta, mng'ono wanu, poti mwa akazi amene anakaika mwanayo atsala ndi iwo okha. Maso awo akuchita chidima masiku ano, koma pakamwa m'pomwe paja. Anandikalipira. "Iwe mwana, usalaule! Zimenezo sizinenedwa." Ndinati, "Ndiye timusiye azipondedwa ndi malole?" Kenako anati ndiwapatsire ndodo yawo.

Tinakwera shapa, kaminibasi kaja, kupita ku Milange, kumene anthu a msewu ali ndi ofesi. Mwamwayi amene amaona za minda ndi manda ndi mayi, wa chigawo chathu chomwechino, ndipo Chilomwe amachimva. Amayi aang'ono anakana kutsegula pakamwa mpaka amuna amene anali m'chipindamo atatuluka. Mayiyo anatimvetsera osatidula. Anafunsa ngati pali mtanda kapena mtumbira, ife tinati palibe chilichonse. Anati, "Mtanda si kanthu, mama. Ngati mboni ilipo, ndi manda basi, tiwasamutsa." Ndiye anawonjezera kuti atumiza antchito aamuna kudzakumba. Eee, pamenepo amayi aang'ono anamenyetsa ndodo pansi. "Mwamuna asakhudze pamenepo!" Tinamaliza pogwirizana kuti akazi tikumba tokha, ndipo makina sayandikira chulu mpaka ife titanena kuti tatha. Mukanawaona mng'ono wanu akulamula anthu a boma, mukanaseka mpaka kutsamwa.

Chinatsala n'kuuza achimwene, chifukwa makina akaima pachulu anthu afunsa, ndipo sindinafune akamvere kumsika. Moyo wawo wonse amadziwa kuti mwana wanu wachisamba ndi iwo. Ndinawapeza akumata chubu cha njinga. Nditawauza anangolimbikira kupopa tayala mpaka ndinaopa kuti liphulika. Tsiku lotsatira anabwera ndi nsalu yoyera yatsopano yogula ku Muloza n'kuiika pampando. Anati, "Ine kumeneko sindingafike. Mukamufunditse mkulu wangayo." Anatuluka msanga, koma ndinawaona akupukuta m'maso ndi chipewa.

Tinakumba Lachiwiri lapitali dzuwa litangotuluka, ine, amayi aang'ono ndi amayi awiri achikulire a kutchalitchi kwathu. Selina tinamuletsa poti akuyamwitsa. Amayi aang'ono anazungulira chulu akupapasa ndi manja, kenako anaima n'kunena kuti apa. Sitinapite pansi kwambiri, mukudziwa kuti mtayo saukumbira mozama. Mafupa sitinawapeze, amayi, ndisakunamizeni. Anali anthete, ndipo zaka zapita. Tinapeza dothi lakuda lofewa, losiyana ndi katondo wa m'mbali mwake, kukula kwake ngati lichero. Khasu tinaliika pambali, dothilo tinatapa ndi manja n'kulikulunga mu nsalu ya achimwene.

Tili chigwadire pomwepo, amayi aang'ono anandiuza chimene inu simunandiuze. Akuti tsiku limenelo munali mutagona mulibe mphamvu, mutataya magazi ambiri, ndipo azamba anatuluka naye mwanayo inu musanamuone, poti mwambo unkatero. Munapempha kuti mumunyamuleko pang'ono pokha, anakukanizani. Munafunsa ngati anali wamwamuna kapena wamkazi, anati musafunse, mudzabereka wina. Mayo ine! Zaka zonse zija mukulima mozungulira chulu, kuzulapo udzu ndi manja, osadziwa ngakhale chimenecho. Ndipo ife ana anu tikudya chinangwa cha m'munda womwewo, kumakusekani kuti mumakonda chulu ngati mumasungamo chuma.

Ndinawafunsa amayi aang'ono kuti andiuze. Anayang'ana uku ndi uku ngati azamba aja akadalipo, kenako ananong'ona. Ndiye ndikukuuzani ine mwana wanu: anali mtsikana, amayi. Akuti anali ndi tsitsi lambiri, lakuda bii ngati lanu.

Munda wapita, zimenezo ndavomera. Mapeyala adula sabata yamawa. Atipatsa malo kumtunda, amiyala pang'ono, koma nandolo akhoza kuchita, ndipo achimwene ayamba kale kuzula zitsa ndi msana wawo womwewo. Malo anu atsopano ali komweko, pamthunzi, poonekera phiri.

Loweruka likubwerali tibwera kudzakutengani. Musadzidzimuke mukamva makasu pamwamba panu, ndife. Apadiri adzapemphera, amalume adzakuuzani mawu monga mwa mwambo, koma ine ndafuna muyambe mwamva kwa ine. Nsalu ija ndaisunga kuchipinda kwanga, pamphasa yatsopano, ndipo palibe mwamuna walowamo. Amalume amati tikumbe kamanda kena pambali panu. Ndakana, ndipo amayi aang'ono ali kumbali yanga. Akadzakuikani m'bokosi latsopano, asanakhome chivundikiro, amuna onse adzapatuka n'kuyang'ana kumbali. Ine ndi manja angawa ndidzamugoneka pachifuwa panu, ndikulonjeza. Mumunyamule mmene mungafunire, amayi, palibenso amene adzakulandeni.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Rozalina