Shumba Wadya Nkhuku ya Apongozi

Baba Rufaro,

Ndathamangira kwa dokotala wa ziweto ndi Shumba, galu wanuyu. Wamaliza nkhuku yonse ija ndinawotchera amayi anu, ndi mafupa omwe. Mapiritsi aja akumupatsa njala yoopsa.

Amayi akatsika basi ya ku Masvingo muwakazingire mazira. Muwauze kuti nkhuku yapserera, mundipepesereko.

Tikabwera musamukalipire Shumba. Munamva nokha dokotala akuti khansa ya mwanabere imeneyi sichira, tizingomusangalatsa masabata atsalawa. Ndiponso mungakwiye bwanji? Inu amene munkati malo a galu ndi panja, si ndinu mwakhala mukumukokera mpando patebulo chidwalireni? Wakwerera pomwepo.

Mpandowo musauchotse. Akabwera aupeze.

Mai Rufaro