Magazi a Mayankho ndi Mkazi wa ku Area 25

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kumeneko ku Dedza. Kodi mwendo uja ukukulolani kupita kudimba? Ine kuno ku Mgona thupi lili bwino, ntchito yosankha fodya ku Kanengo ikuyendanso, koma mtima ndiye ayi.

Mdzukulu wanu Mayankho adadwala kwambiri mwezi watha. Atayamba kutentha thupi, ndidamuwiritsira makungwa owawa aja mudanditumizira, omwewo tinkamwa tonse tili ana. Posakhalitsa maso adachita chikasu, zikhatho zili mbuu, mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Kuchipatala adachita kumuwonjezera magazi. Musade nkhawa, tsopano akuthamanga.

Adokotala adati mwanayu adabadwa ndi maselo ofiira a m'magazi osalimba. Akuti zomera zina, mapiritsi ena, ngakhale timibulu toyera tija timaika m'sutikesi poopa njenjete, zikalowa m'thupi mwake maselowo amafa msanga thupi lisanapange ena. Chimene chimachiza mwana wina, kwa iyeyu chimamaliza magazi. Ine ndikadadziwira kuti, Amayi?

Koma amene adazindikira zonsezi ndi Irene, mkazi watsopano wa bambo a Mayankho, a Mackson. Amagwira ntchito yoyeza magazi pachipatala chomwecho. Adalowa muwodi atavala chijasi chake choyera, anamwino akumupatsa moni ngati bwana, ine mwini mwana nditakhala pachitenje pansi, manja akununkha fodya. Adandifunsa mofatsa chimene ndidamumwetsa, nkutenga makungwa otsala kukawayesa. Pobwera adandifotokozera kuti atadonthezera madzi ake pa magazi a mwanayo, maselo adayamba kufota iye akuona pamakina. Akadandikalipira bwenzi ndikumuyankha, pakamwa ndili napo. Koma ayi, adandigwira paphewa nkunena kuti si mlandu wanga. Ulemu wakewo ndiwo ukundiwotcha.

Mwana atatuluka m'chipatala, a Mackson adati akhale kaye kwawo ku Area 25 kuti Irene azimuyang'anira. Ndidavomera chifukwa cha mantha, ndipo mpaka lero sadabwerere. Lamlungu ndidapita kukamuona nditamuphikira chigumu. Amayi, mwana wanga yemwe, amene ndidamubereka kumsana ndikugulitsa tomato padzuwa, adayamba wayang'ana Irene kufunsa ngati chigumucho nchololedwa kudya. Mkaziyo atagwedeza mutu movomera ndiye adaluma. Tsono amamutchula kuti Mami. Ine ndidaseka nawo, koma m'minibasi pobwerera misozi idangotsika yokha.

Ndikuchita nsanje, sindibisa. Mwamuna adamutenga, ndidapirira. Nyumba ya mpanda, sukulu yake, khungu lake losalalalo, zonsezo akhale nazo. Koma kuti adziwe magazi a mwana wanga kuposa ine amene ndidamupatsa magaziwo, pamenepo ndiye pakundikanika. Chowawitsa nchakuti mwana wanenepa, ndipo ndasowa choipa choti ndimunenere mkaziyo.

Pempho langa ndi limodzi. Auzeni a malume Herbert abwere kuno adzakambirane ndi a Mackson, pakuti kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo eni mbumba ndi iwowo. Zoletsedwa zonse ndaziloweza, timibulu tija ndidataya, makungwanso musatumizenso. Ndingathe kumusamala ndekha. Chimodzi chokha muwatsine khutu: akadzakhala pansi, asadzamufunse Mayankho kumene akufuna kukhala. Yankho lake ndikuliopa.

Mundiperekere moni kwa a malumewo, kwa achemwali Martha ndi alamu, ndi kwa ana onse.

Ndine mwana wanu,
Felesita